Kwa inu amene mwayamba ntchito m'makampani a maiko ambiri

Ana anga, m'nthawi yathu ntchito yaulemu inali ya m'boma, yauphunzitsi kapena ya ku mishoni. Lero ambiri mwa inu mukulembedwa ntchito m'makampani amene likulu lawo lili ku London, ku Johannesburg, ku Beijing kapena ku Mumbai: mabanki, makampani a mafoni, a migodi, a fodya, ndi omanga misewu. Tsiku loyamba adzakupatsani kabuku ka malamulo a khalidwe n'kukuuzani kuti musaine. Sainani, koma kawerengeni ndithu, chifukwa chaka chisanathe padzabwera munthu, mwina bwana wanu yemwe, n'kukunong'onezani kuti, "Zimenezo n'za kulikulu, kuno zinthu siziyenda choncho." Mawu amenewa agwetsa anthu ophunzira kuposa inu ndi ine.

Amakola anthu chifukwa muli choona pang'ono. Miyambo imasiyanadi. Ku Japan anthu amapatsana mphatso pakati pa chaka ndi kumapeto kwa chaka, ndipo wochita malonda wosadziwa zimenezi amaoneka wosaleredwa. Ku China, pa chaka chatsopano, ndalama zimayenda m'maenvelopu ofiira. Kwathu kuno kufika kwa mfumu chimanjamanja n'chipongwe, ndipo kampani imene siipereka chipepeso wantchito wake akaferedwa, anthu amaiyang'ana ndi diso lina. Amene amalemba malamulo kulikulu nthawi zina zonsezi sazidziwa, moti amatha kuletsa ngakhale nkhuku yopita nayo kwa a gulupu. Pamenepo musachite manyazi. Afotokozereni mwambo wake, pemphani kuti mphatsoyo ivomerezedwe, ndipo ilembedwe m'mabuku ndi dzina lake lenileni. Kampani yanzeru imamva.

Koma mphatso ya mwambo imaperekedwa masana, anthu akuona, ndipo wolandirayo amathokoza mokweza mawu. Chibanzi chimadikira kuti chitseko chitsekedwe, chimafika kontirakiti isanasainidwe, ndipo m'mabuku chimalembedwa dzina lina. Palibe mtundu wa anthu umene umanyadira chiphuphu. Ngakhale kumene ziphuphu zafala ngati udzu, wolandira amabisabe. Akabisa, ndiye kuti iye mwini akudziwa kuti si mwambo.

Musaganizenso kuti katangale ndi matenda a ku Africa amene azungu amangowapeza akafika. Mpaka chaka cha 1999, malamulo a ku Germany ankalola kampani kuwerengera ndalama zimene yapereka ngati ziphuphu kunja pa ndalama zoyendetsera ntchito, msonkho n'kuchepa. Kampani ya Siemens inazolowera zimenezi, ndipo lamulo litasintha iyo sinasinthe. Zitaululika, anapeza kuti pakati pa 2001 ndi 2007 inapereka ziphuphu za madola pafupifupi 1.4 biliyoni ku Argentina, Venezuela, Bangladesh, Nigeria ndi maiko ena. Mu Disembala 2008, chindapusa chonse chimene inalipira ku America ndi ku Germany chinakwana madola 1.6 biliyoni. Tsono mzungu kapena mmwenye akakuuzani kuti "anthu a kwanu amafuna kangachepe", mufunseni mumtima mwanu kuti kangachepeko kakuchokera m'thumba la yani, ndipo phindu lake likupita kuti.

Nkhani imene ndimakonda kuwauza achinyamata ndi ya ku Lesotho, kadziko kakang'ono kozunguliridwa ndi South Africa. Kumeneko ankamanga madamu akuluakulu otumiza madzi ku dera la Johannesburg. Mkulu woyang'anira ntchitoyo, Masupha Sole, ankalandira ndalama ku makampani akunja kudzera m'mabanki a ku Switzerland. Mu 2002 khoti linamugamula kuti akakhale kundende zaka 18, ndipo atachita apilo zinatsika kufika pa 15. Boma la Lesotho silinalekere pomwepo. Linazenganso milandu makampani opereka ziphuphuwo, ndipo Acres International ya ku Canada ndi Lahmeyer ya ku Germany anawapeza olakwa. Mu 2004 World Bank inaletsa Acres kupeza makontirakiti ake kwa zaka zitatu. Tcherani khutu apa: ndalamazo sizinkaperekedwa dzanja ndi dzanja. Zinkadutsa mwa mkhalapakati amene pa mapepala ankatchedwa nthumwi ya kampani, ndipo a Acres anadziteteza ponena kuti iwo ankalipira nthumwiyo basi, za kumene ndalamazo zinkathera sankazidziwa. Khoti silinamve zimenezo.

Madobadoba ovala masuti otere mudzakumana nawo. Munthu alibe ofesi, alibe antchito, palibe lipoti limene walemba, koma akufuna gawo la kontirakiti chifukwa choti "amadziwana ndi akuluakulu". Pepala lomulipira likafika pa tebulo panu, funsani kuti wagwira ntchito yanji, ndipo yankho libwere molemba. Dziwaninso kuti lamulo la ku Britain la 2010 limaimba mlandu kampani ngati aliyense woigwirira ntchito wapereka chiphuphu kulikonse padziko, pokhapokha itaonetsa kuti inaika njira zokwanira zopewera. La ku America, limene linakhazikitsidwa mu 1977, nalonso dzanja lake ndi lalitali. Ya fanta imene mwapereka pa chipata cha dziko ikhoza kukafunsidwa ku London.

Abale athu a ku Mozambique anaona mmene zimapwetekera. Ngongole zachinsinsi za madola pafupifupi 2 biliyoni zimene zinatengedwa mu 2013 ndi 2014, ati zogulira masitima ophera nsomba ndi olondera nyanja, zitaululika mu 2016 maiko othandiza anaimitsa thandizo, ndalama ya dzikolo inagwa, ndipo amene anavutika ndi mayi wogula ufa pamsika. Akuluakulu atatu a banki ya Credit Suisse, imene inakonza zina mwa ngongolezo, anavomera milandu ku New York.

Si ndalama zokha ayi. Mavenda ena amayenda ndi masikelo awiri, yogulira mbewu kwa mlimi ndi yogulitsira, ndipo makampani ena amachita chimodzimodzi ndi moyo wa munthu. Usiku wa pa 2 kuchezera pa 3 Disembala 1984, mpweya wapoizoni unatuluka m'fakitale ya mankhwala ophera tizilombo ya Union Carbide ku Bhopal, m'dziko la India, n'kupha anthu zikwizikwi m'masiku ochepa. Zipangizo zingapo zotetezera ngozi zinali zozimitsidwa kapena zowonongeka. Mu 2010 amene khoti linawapeza olakwa anali akuluakulu a ku India komweko, pamene mkulu wa kampani yonse, Warren Anderson, anamwalira kwawo ku America mu 2014 asanaimepo m'khoti la ku India. Mudzaone bwino amene mlandu umamugwera. Kawirikawiri ndi mwana wa m'dzikomo amene anasaina, ananyamula envelopu, kapena anaona paipi ikudontha n'kukhala chete poopa kuchotsedwa ntchito. Bwana wakunja kontirakiti yake ikatha amakwera ndege. Inu mudzatsala, ndi dzina la bambo anu.

Choncho wantchito wa ku Europe akamapatsidwa chipewa, nsapato ndi zotchinga kumphuno, wa pa nthambi yanu apatsidwenso, ndipo madzi oipa amene sangawatayire mumtsinje wa kwawo asawatayire mu wathu. Kunena zimenezi pamsonkhano si mwano. Mukungowakumbutsa zimene analemba okha m'kabuku kaja.

Ndikudziwa kuti ntchito ikusowa, ndipo kumudzi kuli anthu amene akudikira fizi kuchokera kwa inu. Sindikunena kuti muzikuwa pa chilichonse. Kanani mwaulemu, monga munaleredwera. Bwana akakulamulani chinthu chokayikitsa pakamwa, mupempheni kuti alembe pa imelo. Ambiri amabwerera pomwepo. Sungani marisiti. Dziwani msanga nambala kapena ofesi imene kampani yanu inaika yolandira madandaulo mwachinsinsi, musanaifune. Ndipo mukakwezedwa, musadzapatse ana a eni chiwerengero cha malonda chimene sangachifikire popanda kuba, inu n'kuyang'ana kumbali. Ameneyo ndiye katangale wa mabwana, ndipo ndi woipa kuposa wa kalaliki.

Ana anga, musasaine pepala limene simungathe kulifotokoza pamaso pa woweruza, ngakhale amene wakupatsani cholembera ndi amene anakulembani ntchito.