Phunziro 7: Omasulidwa Kuti Titumikire

Sabata Madzulo

Werengani: Agalatiya 5:1-15, Aroma 6:1-4, 13:1-8, Deuteronomo 5:6-15, 1 Petro 2:16.

Vesi Loloweza: Agalatiya 5:13.

Pa 14 June 1993 anthu a m'Malaŵi anavota pa referendamu nasankha boma la zipani zambiri. Liwu lakuti "ufulu" linamveka paliponse, m'misika ndi m'mabasi momwe. Ena anauyesa chilolezo chakuchita zimene mtima wafuna. Mtumwi Paulo anakumana ndi maganizo omwewo m'mipingo ya ku Galatiya, ndipo anawachenjeza kuti ufulu wao usasanduke khomo loloŵerapo zilakolako za thupi, koma ukhale mpata wakutumikirana mwa chikondi.

Lamulungu: Chipulumutso Poyamba, Lamulo Pambuyo

Kodi Mulungu anawakumbutsa chiyani Aisrayeli asanawapatse Malamulo Khumi? Eksodo 20:1, 2.

Taonani dongosolo lake. Yehova sanadikire kuti akapolo a Farao ayambe kumvera kuti awaombole. Anawatulutsa mwa chisomo, ndipo atamasuka ndi pamene anawapatsa lamulo. Sitisunga malamulo kuti tipulumutsidwe. Timawasunga popeza tapulumutsidwa kale. Iye amene anena kuti chisomo chinafafaniza kumvera wabwerera ku Igupto mosadziŵa.

Lachiwiri: Mkhristu pa Malire

Werengani Aroma 13:6, 7 ndi Miyambo 11:1.

Mu December 2022 atsogoleri Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema anatsegula chipata chimodzi cha Mchinji ndi Mwami, kuti apaulendo aonetse zikalata ndi katundu wao pamalo amodzi. Njira inafupika, koma msonkho sunathe. Mbale amene azembetsa chimanga kapena feteleza usiku podzera njira za kutchire, nabwera ndi chakhumi chake pa Sabata, wapereka kwa Mulungu zimene wabera Kaisara. Momwemonso wogula mtedza ndi soya kwa Kamwendo kapena ku Kapiri ndi sikelo yobera: mlimi sangazindikire, koma Mwini munda wonse aona.

Lachinayi: Mpumulo wa Wantchito Wanu

Chifukwa chiyani lamulo la Sabata litchula akapolo ndi alendo? Deuteronomo 5:14, 15.

Sabata ndi chikumbutso cha kumasulidwa, ndipo womasulidwa ayenera kumasula anzake. Ngati ife tikhala m'kalasi ya Sukulu ya Sabata pamene waganyu akupalira m'munda mwathu, kapena mwana wolembedwa ntchito akuweta ng'ombe zathu osapita kusukulu, tadzisungira tokha mpumulo umene Mulungu anapereka kwa onse. Yakobo 5:4 achenjezanso za malipiro obisidwa a okolola.

Chitsanzo chabwino tili nacho pafupi. Chipatala cha Mwami, kutsidya kwa malire m'dziko la Zambia, chinayamba mu 1927, ndipo kwa zaka zambiri chinalandira odwala khate amene anthu ankawasala. Amene anatsuka zilonda zao sanakakamizidwe ndi munthu. Anali mfulu, nasankha kukhala atumiki.

Lachisanu: Mafunso Okambirana

1. Mboni za Yehova zinaletsedwa m'dziko muno mu 1967, ndipo mu 1972 zambiri zinathaŵira ku Sinda Misale m'Zambia. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Kodi ife amene tiphunzitsa ufulu wa chipembedzo tili ndi udindo wotani pamene ovutikawo ali a chikhulupiriro chosiyana ndi chathu?

2. Mbale wanena kuti, "Onse amazembetsa, ndipo Mulungu ndi wachifundo." Mudzamuyankha bwanji kuchokera pa Aroma 6:1, 2, popanda kumtaya?

3. Ndani m'nyumba mwanu kapena m'munda mwanu amene sanalaŵe mpumulo wa Sabata lino? Mudzachitapo chiyani dzuŵa lisanaloŵe Lachisanu likudzali?