Asanakweze Manja

Mudzi wa makolo athu unali ndi mwini wace. Mlandu ukabuka, anthu anadziwa bwalo lopitako, anadziwanso amene adzayamba kulankhula ndi amene adzatsiriza. Koma Kafue si mudzi wotere. Ndi mzinda umene unamera m'mbali mwa njanji, ulalo wa sitima utamangidwa pa mtsinje m'caka ca 1906, ndipo unakula koposa ca m'ma 1970, pamene anamangapo nyumba zopangira feteleza ndi nsalu. Anthu anadza kucokera ku mbali zonse, Atonga, Alozi, Abemba, Ansenga ndi Acewa, yense atasiya mfumu yace kwao. Tsono popeza mutu umodzi susenza denga, iwo anadzipangira mabungwe: la maliro, la cilimba, la asodzi, la amai a pamsika, ndipo masiku ano ngakhale la pa lamya ya m'manja. Mabungwe awa adziweruza okha. Funso lathu ndi ili: anthu olingana, opanda mfumu pakati pao, angamange bwanji mfundo imene aliyense ayenera kuimvera, ngakhale iye amene anaikana?

Yankho limene tinazolowera ndi lakuti, "Tiyeni tikweze manja." Sindifuna kupeputsa yankho ili, pakuti linacokera kwa anthu osauka. M'caka ca 1844 amuna a ku Rochdale, m'dziko la England, ambiri a iwo oomba nsalu, anatsegula sitolo yao ya cigwirizano, napangana kuti munthu mmodzi akhale ndi liu limodzi, kaya anasonkha zambiri kaya zocepa. Makopaletivi athu atsata lamulo lomwelo. Nzokoma ndithu kuona dzanja la mai wamasiye lilingana ndi dzanja la mwini magalimoto. Kuwerenga manja kutithandizanso kutseka nkhani, cifukwa pali anthu ena amene, mukawaleka, angalankhule kufikira mvula itagwa.

Koma manja amene tiwerenga ndi a anthu okhawo amene afika, ndipo ayankha funso limene munthu wina analikonzeratu. Pamenepa ndipo pagona mphamvu yeniyeni ya bungwe, ngakhale ambiri saiona.

Tiyeni tiganize za asodzi a pa mtsinje wathu. Caka ndi caka Boma litseka usodzi kuyambira pa 1 December kufikira kutha kwa February kuti nsomba ziswane, ndipo lamulo la za nsomba la 2011 lilola kuti anthu a m'madera a usodzi akhale m'makomiti osamalira madzi ao. Tsono tiyerekeze kuti asodzi a pa dooko lina afuna kuthetsa cikukula, ukonde wokoka wa maso ang'ono umene ukokolola ndi ana a nsomba omwe. Cifuno cimeneci ncabwino, palibe wanzeru angacitsutse. Msonkhano auitana m'mawa dzuwa litakwera. Afika ndani? Afika eni mabwato ndi eni maukonde, amene anagona m'nyumba zao. Anyamata aganyu amene anapalasa usiku wonse ali m'tulo. Amai ogula nsomba anakwera kale basi ya ku Lusaka. A ku misasa ya kutali m'madambo sanamve nkomwe kuti kuli msonkhano. Wapampando aimirira nafunsa, "Kodi titenthe maukonde onse a maso ang'ono, inde kapena iai?" Manja makumi anai akwera, asanu akana, ndipo mlembi alemba kuti asodzi agwirizana.

Palibe ananama, palibe anaba liu la mnzace. Komabe funso lina silinafunsidwe: nanga wosauka amene alibe ndalama yogulira ukonde wina timpatse miyezi ingati, ndipo timthandize motani? Amene akadafunsa motero sanalipo, ndipo mnyamata mmodzi kapena awiri amene analipo anayamba ayang'ana dzanja la bwana wao asanakweze lao. Cotsatira cace ticidziwa tonse. Cikukula cileka kuyenda usana, ciyamba kuyenda usiku, ndipo bungwe lisanduka la alonda ndi akuba.

Ena adzati, "Ndico cifukwa cace njira ya makolo inaposa. Pa bwalo sanawerenge manja. Analankhulana kufikira onse atamvana." M'mau awa muli coonadi. Mfumu yanzeru inalankhula pomariza, itamva onse, ndipo nchito yace inali kuluka mau a anthu kuti akhale cingwe cimodzi. Wogonja anacoka pa bwalo atamvedwa, ndipo kumvedwa kucepetsa ululu wa kugonja. Koma tisakometse zakale kopambana muyeso. Pa mabwalo ambiri mkamwini analankhula mwamantha, mnyamata anangomvetsera, ndipo kawirikawiri cimene cinachedwa kumvana cinali kutopa kwa ofooka. Munthu akakhala cete sitidziwa ngati wabvomera, kapena waopa, kapena wangoona kuti kulankhula kwace sikudzasintha kanthu.

Dziko lathu linaphunzira zimenezi ndi mtengo waukulu. M'caka ca 1972 President Kenneth Kaunda anaika bungwe lotsogozedwa ndi Mainza Chona kuti liyende m'dziko lonse kumva maganizo a anthu pa za boma la cipani cimodzi. Ocirikiza njira imeneyi anati zipani zambiri zigawanitsa mitundu, ndi kuti cipani cimodzi cifanana ndi bwalo la makolo, kumene onse akhala pansi pa mtengo umodzi. Mantha ao a kugawikana sanali opanda pace. Anthu anadzadi nalankhula, ndipo mau ao analembedwa. Koma bungwelo linatumidwa kufunsa za maonekedwe a boma la cipani cimodzi. Kufunsa ngati anthu alifuna kapena salifuna sikunali m'nchito yace. Harry Nkumbula, amene anaphunzira pa sukulu ya mishoni ya Methodist kuno ku Kafue, anakana, napita ndi nkhaniyo ku bwalo la milandu, koma anagonja. Pa 13 December 1972 boma la cipani cimodzi linakhazikika. Funso losafunsidwa lija silinafe. Linadzuka lokha mu 1990, ndipo pa cisankho ca October 1991 pafupifupi atatu mwa anai alionse oponya voti anasankha Frederick Chiluba.

Wina angaganize kuti lamya za m'manja zathetsa bvuto ili, popeza pa gulu la WhatsApp palibe wocedwa ku msonkhano, ndipo wamanyazi alemba ali m'nyumba mwace. Ine ndiona kuti bvutolo langobvala malaya atsopano. Pa gulu la anthu mazana awiri, olemba tsiku ndi tsiku ndi owerengeka, ndiwo amene ali ndi nthawi ndi ndalama ya bandulo. Nkhani ya copereka ca maliro iyamba madzulo, itentha pakati pa usiku, ndipo mai amene anagona msanga kuti alawire ku msika adzuka napeza kuti yatha. Kuyambira mu 2022 WhatsApp ilola kuponya voti pa gulu, koma mayankho osankhapo awalemba ndi munthu mmodzi. Ndiponso woyang'anira gulu, amene amucha admin, ali ndi mphamvu imene mfumu ya kale ikadaisirira: akhoza kufafaniza mau a munthu, kutseka pakamwa pa onse kuti alembe yekha, kapena kuturutsa wotsutsa ndi cala cimodzi, popanda mlandu, popanda nkhoswe. Kawirikawiri palibe anamsankha. Anangokhala woyamba kutsegula gululo.

Nanga tsono tinene ciani? Kuwerenga manja tisakutaye, pakuti bungwe loyembekeza kuti onse amvane lipereka ulamuliro kwa munthu mmodzi wouma mutu. Koma kukhale kotsiriza, monga kufolera kutsiriza nyumba. Cilungamo ca bungwe ciyesedwa pa zimene zicitika manja asanakwere. Nthawi ndi malo a msonkhano zisankhidwe poganizira amene abvutika kufika, osati amene akhala pafupi. Funso lisakhale cuma ca wapampando, liyambe laikidwa poyera masiku angapo, kuti aliyense akhoze kunena kuti, "Funso ili lapotoka, tilifunse motere."

Pali cinthu cina cobvuta koposa. Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Kodi amene mfundo idzamlasa koposa asapatsidwe liu lolemera kuposa la ena? Mtima ufuna kubvomera, koma ndiopa njira imeneyi. Mukayamba kuyesa kulemera kwa mau, mwini mabwato khumi adzati iye ndiye ataya zambiri, ndipo tidzabwerera kumene amuna a ku Rochdale anathawa. Cimene ndingabvomere ndi ici: wolasidwayo alankhule poyamba, ndipo ambiri asaloledwe kukweza manja kufikira mmodzi wa iwo atabwereza dandaulo lace m'mau amene mwini wace abvomera kuti ndi lomwelo. Akatero ndi kumgonjetsabe, wagonja ndithu, ayenera kumvera. Koma mfundoyo ikhale ndi tsiku loiunikanso, kuti wogonja lero adziwe kuti khomo silinatsekedwe ndi njerwa.

Ndidziwa kuti ena adzadandaula za kucedwa, ndipo nzoona kuti pali nkhani zosayembekeza. Maliro sadikira masiku atatu. Pamenepo akulu a bungwe acite msanga, nadzafotokoze pambuyo. Koma nkhani ya maukonde si maliro. Idziwika miyezi yambiri isanafike, ndipo cimene cisowa si nthawi koma munthu wopita kukatenga mau a amene sangathe kudza. Mlembi wa asodzi afunika bwato ndi masiku awiri kapena atatu kuti azungulire misasa ya m'madambo. Ndalama ya ulendo umenewo ilembedwe m'buku la bungwe pamodzi ndi ya mapepala ndi inki, ndipo iye anyamuke December asanafike, pakuti usodzi ukatsekedwa ambiri a m'misasa abalalika kunka kwao.