Mwapeza Ntchito, Tsono Phunzirani Ntchitoyo

Ana anga a ku Kawale, Chinsapo, Mgona ndi Area 25, amene mumalawirira m'mamawa kupita kumakampani a ku Kanengo kapena kumagalaja a ku Biwi, khalani pansi ndikuuzeni. Mukamafunsira ntchito mumathamangira kufunsa kuti, "Mundilipira zingati?" Si kulakwa, mimba ilibe tchuthi. Koma funso lachiwiri musaliiwale: "Pano ndiphunzirapo chiyani, ndipo andiphunzitse ndani?" Malipiro amatha mwezi usanafike pakati. Luso simulisiya pageti tsiku limene abwana akuti ntchito yatha.

Pagalaja mnyamata amayamba ndi kutsuka zitsulo m'petulo ndi kupatsira masipanala. Alipo amene amakhala zaka akupatsirabe sipanala, maso ali pafoni. Mnzake amagwada pambali pa amakanika, kuona momwe akutsegulira injini, momwe akuyalira mabawuti pa katoni motsatana kuti pobwezera asasokoneze, momwe akutchera khutu galimoto ikalira asanaigwire n'komwe. Madzulo amafunsa mwaulemu kuti, "Abwana, paja munadziwa bwanji kuti vuto ndi pulagi?" Safunsa anadya phula. Mmisiri wamkulu sauza zinsinsi za ntchito mwana wamwano, wochedwa kubwera, kapena amene sipanala ikasowa anthu onse amayang'ana iye.

Inu amene muli m'makampani, dziwani ichi. Kuchokera pamene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la TEVETA mu 1999, olemba anthu ntchito amapereka msonkho wothandizira maphunziro a ntchito zamanja, womwe ndi 1 peresenti ya ndalama zimene amalipira antchito awo. Choncho mukamva kuti kwabwera maphunziro a makina atsopano kapena a chitetezo pantchito, musachite manyazi kupempha akapitawo kuti dzina lanu lilembedwe. Si mphatso yopemphetsa, ndi gawo la ntchito. Koma mukapitako, musapitire alawansi ndi chakudya chamasana. Mukabwerera, akapitawo aone kusintha m'manja mwanu, apo ayi ulendo wina adzatuma wina.

Kenaka funani pepala. Ndaona amisiri odziwa kuwotcherera mageti okongola, koma ntchito yaikulu ikatuluka amatsala kunja chifukwa alibe setifiketi. Mayeso a Trade Test ali ndi magawo angapo, ndipo munthu amakwera pang'onopang'ono. A TEVETA alinso ndi njira yoyesa luso limene munthu anaphunzira pantchito osalowa m'kalasi. Sukulu nazo sizili kutali: Don Bosco ili ku Area 23 komweko, Lilongwe Technical College ili mumzinda womwe uno. Kafunseni nokha za nthawi yolembetsa, ndipo muzipatula kangachepe mwezi ndi mwezi kolipirira mayeso. Atsikana, mawu awa ndi anunso. Waya wa magetsi safunsa ngati womulumikiza wavala siketi.

Musathamangirenso kutsegula panu mutangodziwa kusintha matayala ndi mabuleki. Galimoto ya mwini ikawonongeka m'manja mwanu, mbiri imafika ku Biwi konse dzuwa lisanalowe, ndipo kuitsuka n'kovuta. Pirirani mpaka amene akukuphunzitsani azikusiyirani ntchito yonse iwo n'kuchokapo osadera nkhawa. Pochoka tsanzikani bwino, chifukwa tsiku lina mudzafuna kubwereka chida kapena nzeru kwa iwo.

Tsiku lidzafika, inuyo mudzakhala akapitawo kapena eni galaja. Pamenepo musadzasandutse mwana wa mnzanu wongotumidwa kukagula chipisi ndi mayunitsi. Mudzamupatse sipanala agwire yekha, inu mutaima pambali. Akalakwitsa mudzamudzudzule kumbali, osati pamaso pa makasitomala. Musadzaope kuti akadziwa zonse adzakulandani msika. Wantchito wosaphunzitsidwa ndiye adzakuthawitsireni makasitomala ndi kukuonongerani makina. Ndipo msana ukadzayamba kukana kulowa pansi pa galimoto, amene munawaphunzitsa ndiwo adzagwire ntchito m'dzina lanu. Mwamva, ana anga?