Msangu ndi Kaufiti

Tikamayenda m'dziko lathu lino, kuchokera ku chigwa cha Shire kumene dzuŵa limaswa mtengo, mpaka ku phiri la Mulanje kumene nsonga ya Sapitwa idatalika mamita 3,002, timawona kuti Mulungu sadalenge malo onse mofanana. Kwina nkotentha, kwina nkozizira. Kwina kuli madambo, kwina kuli matanthwe okhaokha. Komabe malo onseŵa ali ndi zamoyo zake, ndipo chamoyo chilichonse chili ndi njira yake yokhalira pamene chidapezekapo.

Taonani mlambe wa kuchigwa. Umasunga madzi m'thunthu lake lalikulu lija, ndipo chilimwe chikafika umayoyola masamba onse kuti madziwo asathe msanga. Mtengo wa tsanya, umene ngwochuluka ku Liwonde, dzuŵa likafika paliwombo umapinda masamba ake ngati mapiko a gulugufe kuti asawauke. Mitengo ya mombo imadalira mizu yozama, choncho mu Sepitembala, mvula isanagwe ngakhale dontho, imaphuka masamba ofiira. Ikapsa ndi moto wa m'tchire imaphukanso pa chitsa. Nyama nazo nchimodzimodzi. Njovu imakupiza makutu kuti magazi ake azizire. Chinkhoma chimaponda ndi nsonga za ziboda, motero sichiterereka pa matanthwe. Finye amadzikwirira m'dothi chilimwe chonse, nadzatuluka mvula yoyamba ikagwa.

Zamoyozi sizidakhale pansi nkupangana zochita. Akatswiri a zachilengedwe amatiuza kuti makhalidwe ameneŵa adadza pang'onopang'ono, pa mibadwo yosaŵerengeka: zimene zidayanjana ndi malo awo zidabereka ndi kuchuluka, zimene sizidayanjane nawo zidatha. Ife okhulupirira timawona m'menemo nzeru za Namalenga, amene sadasiye cholengedwa chake chopanda pogwira.

Nafenso anthu sitikhala pamalo amodzi. Ambiri mwa ife tidasiya mudzi nkudzakhala m'tauni. Ana athu ena ali ku Lilongwe, ena ku Blantyre, ena adafika mpaka ku Johannesburg kukafuna ntchito. Kumalo kwachilendoko mlendo sachedwa kumva mau akuti, "Kuno timatero. Ukapanda kusintha, ufa ndi njala." Mau ameneŵa si abodza onse ai, pakuti wokana kuphunzira chinenero, ntchito ndi ulemu wa kumene wapita amadzizunza yekha. Koma funso lotivuta ndi ili: kodi kusintha kulikonse kumene kwatipatsa chakudya nkwabwino?

Yankho tingalipeze m'munda mwathu momwe, pa zomera ziŵiri zimene mlimi aliyense amazidziŵa.

Choyamba ndi msangu, mtengo umene timauwona m'minda ya ku Salima ndi ku Mangochi. Msangu umachita zosiyana ndi mitengo inzake. Mvula ikayamba, pamene mitengo ina ikuvala, iwo umavula. Masamba ake amagwera pansi nkusanduka manyowa, ndipo popeza nthambi zatsala zopanda kanthu, dzuŵa limafika pa chimanga chimene chabzalidwa patsinde pake. Chilimwe chikafika, pamene tchire lonse lauma, msangu umabiriŵira chifukwa mizu yake imafika pa madzi apansi. Apo ng'ombe zimausa mumthunzi mwake, mbuzi nkumadya zipatso zake. Msangu udapeza njira yake yokhalira m'dziko la chilimwe chachitali, ndipo njirayo imalemeretsa onse ouzungulira.

Chachiŵiri ndi kaufiti. Iyeyu nayenso ngwochenjera kwabasi. Mbeu zake nzazing'ono ngati fumbi, ndipo zingathe kudikira m'nthaka zaka zoposa 10. Sizimera mwachisawawa ai, zimayembekeza kufikira muzu wa chimanga kapena wa mapira utayandikira. Pamenepo kaufiti amamera, naloŵetsa kamuzu kake mu muzu wa chimangacho, nkuyamba kuyamwa madzi ndi chakudya ali kubisala pansi. Pamene maluŵa ake ofiira okongola aja akuwonekera, chimanga chimakhala chitapinimbira kale.

Zomera ziŵirizi zonse zidayanjana ndi malo awo. Tikadati muyeso ukhale kupulumuka kokha, kaufiti akadalandira mphotho, pakuti kumuthetsa m'munda nkovuta. Koma palibe mlimi amene adamuyamikapo. Apa tikuphunzira kuti kusintha pakokha si tchimo, ndiponso si ukoma. Chofunika kufunsa nchakuti: nanga amene ali pafupi nafe zikuŵayendera bwanji chifukwa cha njira imene tasankhayo?

Mlembi wa mu ofesi amene adazoloŵera kuti pepala la munthu wosauka lisayende popanda kangachepe, adasinthadi, ndipo ana ake akudya. Wamalonda amene adakhotetsa sikelo pogula mtedza wa amai amasiye, nayenso adaphunzira za kumsika. Bambo amene adapita kunja kukagwira ntchito, nakwatira kumeneko, naiŵala mkazi ndi ana amene adaŵasiya kumudzi, adzatiuza kuti kumeneko amatero. Onseŵa maluŵa awo ngofiira, koma pansi pali muzu wa munthu wina umene ukuyamwidwa. Komanso alipo ena amene adasintha chinenero, zovala ndi chakudya, osasintha chilungamo chawo. Otereŵa sasoŵa kuŵazindikira: pakhomo pawo ana amasiye amapeza sukulu, ndipo anzawo a kuntchito amaŵakhulupirira.

Mpingo wathu womwe udayenda njira imeneyi. Ansembe a chipani cha Montfort atafika ku Nzama mu 1901, ndi a White Fathers ku Mua mu 1902, Misa inkachitika m'Chilatini. Utatha Msonkhano Wachiŵiri wa ku Vatican, umene udachitika kuyambira 1962 mpaka 1965, tidayamba kupemphera Misa m'Chicheŵa, ng'oma ndi visekese zikulira. Masamba adasintha, koma muzu udatsala womwewo, ndipo anthu ambiri adapeza mthunzi.

Wina adzati, "Nkwapafupi kulankhula zotere uli wokhuta. Nanga amene malipiro ake amatha mwezi usanafike pakati atani?" Mau ameneŵa tisaŵanyoze. Alimi amadziŵa kuti kaufiti amachuluka m'nthaka yoguga, ndipo m'munda wa manyowa mphamvu zake zimachepa. Chinyengo nachonso chimakonda kumera pamene pali umphaŵi ndi kutaya mtima. Tsono ntchito yathu sithera pa kuloza chala. Wolemba anzake ntchito aŵalipire moyenera. Mphakati wathu udziŵe banja limene lagona ndi njala, lisanafike poganiza zakuba. Kuzula kaufiti osathira manyowa nkudzipatsa ntchito ya chaka ndi chaka.

Komabe umphaŵi sutichotsera udindo, pakuti pano mpamene munthu asiyanirana ndi zomera. Kaufiti sadasankhe kukhala kaufiti, ndipo sadzasanduka msangu mpaka muyaya. Koma ife Mulungu adatipatsa nzeru, ufulu ndi chikumbumtima. Tikumbukire Zakeyo wa ku Yeriko, mkulu wa okhometsa msonkho, amene adalemera poyamwa anthu a mtundu wake. Tsiku limene Ambuye Yesu adamutsitsa mu mkuyu nakaloŵa m'nyumba mwake, iye adalonjeza kupatsa amphaŵi theka la chuma chake ndi kubweza kanai zonse zimene adalanda mwachinyengo. Ntchito yake ndi mzinda wake zidali zomwezo. Chidasintha ndi kumene mizu yake inkamwa.

Tsono madzulo ano, tikatha kudya ndi kupemphera pamodzi pabanja, tiyeni tifunsane mosabisa. Chifikireni pamalo pano, tasintha ziti? Ndani amene wapeza mpumulo chifukwa cha ife, ndipo ndani amene wapinimbira? Ngati alipo wina amene takhala tikumuyamwa mobisa, tisadikire kuti nyengo ino ipite tisanamubwezere zake ndi kukalapa.