M'mera Mpoyamba: Boma Lisadikire Mwana Afike Sitandade 1

Mlimi aliyense wa chimanga amadziwa kuti zokolola za mu Epulo zimagamulidwa mu Disembala. Mbewu ikangomera, pamafunika kupalira msanga ndi kuthira feteleza wokulitsa nthawi yake isanapitirire. Mlimi akazengereza, udzu umalanda chakudya m'nthaka, mmera umasanduka wachikasu ndi wonyozoloka, ndipo ngakhale adzathire matumba awiri chimanga chitamasula kale, nkhokwe siidzadza. Apa ndi pamene makolo athu anatola mwambi wakuti m'mera mpoyamba. Ankatanthauza kuti tsogolo la chinthu limaumbidwa chikadali chanthete, ndipo zomwe zaphonyeka pachiyambi zimavuta komanso zimadula kuzikonza pambuyo pake. Mwambiwu timakonda kuuponyera makolo amene akulekerera ana. Koma ukulozanso chala boma, limene ndalama zake zambiri za maphunziro zimayamba kumuona mwana ali ndi zaka 6, nyengo yofunika koposa itadutsa.

Azaumoyo amatsindika za masiku 1,000 oyamba, kuchokera pamene mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka 2, chifukwa ndi pamene ubongo umakula mofulumira kuposa nthawi ina iliyonse. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 ku Malawi anali opinimbira. Kupinimbira sikuthera pa msinkhu pokha, kumafooketsanso luso la kumva ndi kukumbukira. Mu 1994 boma linachotsa fizi m'sukulu zapulayimale, ndipo ophunzira anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Chinali chinthu chachikulu, koma khomo lotseguka silithandiza mokwanira mwana amene wafika pakhomopo ali wofooka, asanagwirepo choko kapena kumvapo nthano ya m'buku. Ndi ana otere amene amabwereza Sitandade 1, kenaka n'kusiyira sukulu panjira.

Malawi ali ndi ndondomeko ya maphunziro a mmera mpoyamba kuyambira mu 2003, ndipo m'midzi muli sukulu za mkombaphala zikwizikwi zomwe anthu anaziyambitsa okha. Zambiri zimakumana m'tchalitchi, m'chisakasa kapena pansi pa mtengo. Mlezi amaphunzitsa kuwerenga ndi zitsekerero za mabotolo, amaumba ng'ombe zadothi, amayimbitsa ana nyimbo, pamene amayi anzake akutakasa phala la ufa umene makolo asonkha. Ikafika miyezi ya njala, Januwale ndi Febuluwale, ufa umasowa, moto umazima, ana amaleka kubwera, ndipo mleziyo amanyamula khasu kukasaka ganyu popeza ambiri mwa alezi amagwira ntchito mongodzipereka. Apa ndi pamene pali chilema: gawo la maphunziro limene limagamula zambiri ndi lomwe talisiya m'manja mwa anthu osalipidwa, osaphunzitsidwa mokwanira, ndiponso osauka ngati ana amene akuwalera.

Ena amati kulera ndi udindo wa makolo, boma lisalowerere za m'nyumba. N'zoona kuti palibe unduna umene ungalowe m'malo mwa msana wa mayi kapena nthano za agogo. Koma thandizo labwino la boma limalimbitsa banja, silililanda mwana. Ku Kingston, m'dziko la Jamaica, m'zaka za m'ma 1980, alangizi azaumoyo ankayendera mabanja a ana opinimbira sabata iliyonse kwa zaka ziwiri, kuphunzitsa amayi kucheza ndi kusewera ndi ana awo pogwiritsa ntchito zidole zopanga okha. Patatha zaka 20, ana aja ankapeza ndalama zochuluka ndi 25 pa 100 kuposa anzawo amene amayi awo sanalandire maphunzirowo. Amene anagwira ntchitoyo anali amayi omwewo, chimene analandira ndi luso ndi chilimbikitso. Kwathu kuno njira zofikira mabanja zilipo kale: sikelo ya ana, alangizi azaumoyo a m'midzi, ndi Mtukula Pakhomo amene anayambira ku Mchinji mu 2006. Chosowa ndi kuzilumikiza ndi sukulu za mkombaphala kuti mwana asatayike pakati pa chipatala ndi kalasi.

Ena amati ndalama palibe, pamene zipatala zikusowa mankhwala ndipo ana a pulayimale akuphunzirira panja. Dandaulo limeneli ndi lolemera, koma likuiwala kuti tikulipira kale, mochedwa ndi modula. Mwana wobwereza kalasi boma limamulipirira kawiri mphunzitsi, mabuku ndi malo, ndipo wonyentchera amadzagona m'chipatala chomwecho chosowa mankhwala. Abwenzi akunja athandizapo: bungwe la Mary's Meals linayamba kudyetsa ana phala ku Malawi mu 2002, ndipo World Bank inavomereza mu 2018 ntchito yothandiza ana aang'ono m'maboma ena. Koma ntchito ya mabungwe imakhala ndi tsiku lotsekera, pamene ana amabadwa tsiku ndi tsiku.

Choncho zofunika n'zodziwika. Alezi aphunzitsidwe ndi kulandira malipiro okhazikika ochokera m'thumba la boma. Phala lisamadalire nkhokwe ya kholo losauka m'miyezi ya njala. Makhonsolo aike zipinda za mkombaphala, zimbudzi ndi mijigo pa mndandanda wa chitukuko, monga amachitira ndi milatho. Mwana wa zaka 3 savota ndipo sangachite zionetsero, n'chifukwa chake aphungu akamakambirana bajeti, ife akuluakulu tiyenera kuwafunsa poyera kuti gawo la mwanayo ndi ndalama zingati, ndipo zafika m'mudzi uti.