Thandizo la Gule Likutsata Cholembera

Pa 17 February 2024, ku kachisi wa Kokusekiji mumzinda wa Oshu, m'chigawo cha Iwate kumpoto kwa Japan, amuna ongomanga kansalu m'chiuno analimbirana thumba lopatulika m'chisanu cha usiku, monga ankachitira makolo awo kwa zaka zomwe akuti zimaposa 1,000. Umenewo unali mwambo womaliza wa Sominsai pakachisipo. Eni ake anati okonza mwambo akalamba ndipo olowa m'malo sakuoneka. Nkhaniyi inamveka kutali chifukwa mwambowo unali wotchuka, koma magule ambiri a m'midzi ya Japan amazima mwakachetechete, popanda ndi mtolankhani yemwe. Chodabwitsa n'chakuti dzikoli lili ndi lamulo loteteza chuma cha chikhalidwe kuyambira 1950, ndipo mu 1975 linakhazikitsa njira yoika miyambo ndi magule akumudzi pamndandanda wa zinthu zofunika kwa fuko lonse. Ndalama zothandizira zilipo. Vuto, m'kuona kwanga, ndi njira yofikira ndalamazo: imayesa luso lolemba, pamene chomwe boma likufuna kusunga ndi luso lovina.

Gule wakumudzi amasungidwa ndi kabungwe kotchedwa hozonkai. Taganizirani kagura, gule wa zigoba wovinidwa pa akachisi a Shinto ndi ng'oma, chitoliro ndi tizitsulo tolira. Hayachine Kagura wa ku Hanamaki analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2009, kaundula yemweyo momwe muli Gule Wamkulu, ndipo dzina lotere limatsegula zitseko. Koma kuseri kwa phiri kuli magulu ena osadziwika, a anthu owerengeka, ambiri mwa iwo alimi ndi opuma pantchito. Zosowa zawo n'zooneka ndi maso: chikopa cha ng'oma chang'ambika, utoto wa chigoba wasupuka pamphuno ndi pachipumi pomwe manja amagwira chaka ndi chaka, malaya ovinira adyeka m'mapewa. Mmisiri wodziwa kukonza zimenezi amakhala kutali ndipo sagwira yaulere. Msungichuma wa gululo amasunga zopereka za m'mudzi mu envulopu ndi kabuku ka ku banki. Munthu ameneyu ndiye amene boma likumuuza kuti alembe pempho.

Pempholo lili ndi msewu wake. Chaka cha ndalama za boma chimayamba mu April n'kutha mu March, choncho wopempha ayenera kudziwa miyezi yambiri pasadakhale chomwe adzagule ndi mtengo wake, ndi makalata a mitengo ochokera kwa amisiri. Kawirikawiri pempho silipita lokha ku Bunkacho, nthambi ya boma yoona za chikhalidwe; limadzera ku khonsolo ndi ku chigawo. Pa miyambo yomwe ili pamndandanda wa fuko, boma lalikulu limakonda kupereka theka la ndalama, theka linalo lichokere ku chigawo, ku khonsolo ndi m'matumba a eni gule. Chopweteka kwambiri n'chakuti ndalama zambiri zimabwera ntchito itatha, malisiti ndi lipoti zitavomerezedwa. Bungwe la zisudzo la ku Tokyo lili ndi wogwira ntchito wolipidwa amene amadziwa chilankhulo cha mafomu, komanso lili ndi kobwereka podikira. Gulu la akuluakulu khumi a m'chigwa liyenera kuyamba latulutsa ndalama zomwe lilibe kuti lilandire ndalama zomwe likusowa. Lamulo ndi limodzi kwa onse, inde, koma mpanda wofanana kutalika sulepheretsa mwana ndi wamkulu mofanana.

Kale mpata umenewu ankautseka ndi kalaliki wa khonsolo ya mudzi, munthu wodziwa ovina ndi maina, amene mwina bambo ake ankaimba ng'oma yomweyo. Kenako boma linalimbikitsa kuphatikiza makhonsolo, ndipo chiwerengero chawo chinatsika kuchoka pa 3,232 mu 1999 kufika pa 1,727 mu 2010. Midzi yambiri inasanduka m'mphepete mwa mizinda, ofesi inasamuka, ndipo woona za chikhalidwe anatsala ndi dera lalikulu, mabwinja, nyumba zakale ndi magule ambirimbiri pa desiki imodzi. Palibe amene anakonza zoti gule avutike, koma amene ankalembera gule anachoka.

Wina anena kuti ndalama za msonkho siziperekedwa mwachisawawa, ndipo malisiti ndiwo amateteza wokhoma msonkho kwa akathyali. Zimenezo n'zoona, ndipo sindikunena kuti boma lizingokhulupirira nkhope. Koma kulondola ndalama kuyenera kulingana ndi kukula kwa ndalamazo. Kukonza ng'oma imodzi kuli ndi umboni wosavuta: chithunzi cha ng'oma yong'ambika, chithunzi cha ng'oma yokonzedwa, lisiti la mmisiri, ndi chikondwerero chomwe mudzi wonse unaonera. M'mudzi momwe aliyense amadziwa mnzake, kudya ndalama za gule n'kovuta kuposa m'bungwe lalikulu la mapepala osalala. Zikalata zikachuluka, wosaona mtima wodziwa kulemba amadutsa, woona mtima wosadziwa kulemba amabwerera pakhomo.

Kutsutsa kwachiwiri n'kolemera kuposa koyamba. Ndalama sizibereka ana. M'dziko lomwe pafupifupi anthu atatu mwa khumi aliwonse afika zaka 65, mudzi wopanda achinyamata udzataya gule ngakhale mutaupatsa chuma chotani, ndipo Sominsai wa ku Kokusekiji anatha chifukwa cha kusowa kwa anthu. Apa ndikuvomera theka. Pali magule amene nthawi yawo yakwana, ndipo eni ake ali ndi ufulu wowatseka mwaulemu. Koma zomwe zinachitika ku gombe la Sanriku zikuonetsa kuti ambiri amafa msanga chifukwa cha zipangizo. Tsunami ya pa 11 March 2011 inakokolola zigoba, ng'oma ndi nkhokwe zosungiramo zovala. Mu June chaka chomwecho, Nippon Music Foundation inagulitsa vayolini ya Stradivari yotchedwa Lady Blunt pa mapaundi 9.8 miliyoni, ndipo ndalamazo zinapita ku thumba lotsitsimutsa magule ndi zikondwerero za m'madera okhudzidwa. M'matauni ngati Otsuchi ndi Kamaishi, komwe anthu anafa ndipo ena anasamuka, gule wa kambuku wotchedwa toramai anabwereranso pamsewu. Ngati gule anadzuka pamalo pomwe anthu anachepa mwadzidzidzi chotere, sitinganene kuti kuchepa kwa anthu kokha ndiko kumaweruza mlandu.

Ena amaloza ku furusato nozei, njira yomwe inayamba mu 2008 yolola munthu kupereka gawo la msonkho wake ku khonsolo yomwe wasankha, kapena ku zopempha za pa intaneti. Njirazi zimathandiza, koma nazonso zimakonda wodziwa kujambula kanema ndi kudzitsatsa. Cholembera changosanduka kamera.

Mu March 2023 Bunkacho inasamukira ku Kyoto, pofuna kuti zonse zisamathere ku Tokyo. Kwa msungichuma wa ku Iwate, fomu sinafupike ndi tsamba limodzi lomwe. Chomwe chingamufikire ndi chaching'ono kuposa kusamutsa likulu: thandizo laling'ono liziperekedwa ntchito isanayambe, gawo lomwe gulu limasonkha lizitsika gulu likakhala losauka, ndipo boma lizilipira mlembi mmodzi woyendera magulu onse a m'chigwa chimodzi. Mlembiyo azifika madzulo a zoyeserera, akhale pambali ndi kompyuta yake, afunse mtengo wa chikopa, alembe, ovina akupitiriza kuphunzitsa ana mapazi.