Kodi agogo ankanama?



Kwathu ku Chinamwali, m'chitini chakale cha mayi anga muli makalata anayi amene agogo awo aamuna analemba ali ku Burma mu 1944. Anali sajeni mu King's African Rifles, gulu lija chipilala chake chili ku Zomba kufupi ndi Cobbe Barracks. Nthawi imeneyo munthu wakuda sankapatsidwa udindo wa ofesala, ndiye usajeniwo sunali wamasewera.

Chaka chimenecho asilikali a kuno ankadutsa m'chigwa cha Kabaw, mvula ikugwa osakata, matope ponseponse, malungo akugwetsa anthu. Koma m'makalatamo mulibe zimenezi. Agogo akufunsa ngati nandolo wabereka, ngati nyumba yafoleredwa, ndipo akuti mbuzi yaikazi ija isagulitsidwe ngakhale msonkho uvute bwanji. Kalata iliyonse ikuti ali bwino.

Ndiye ankanama? Tonse tinaphunzira ku madrasa kuti bodza ndi tchimo. Poyamba ndinkati vuto linali akuluakulu a nkhondo, popeza ankawerenga makalata asanatumizidwe. Koma iwowo ankaletsa kutchula malo, osati kuti munthu anene kuti akuopa.

Nkhaniyi yandigwira chifukwa cha achimwene anga amene ali ku Johannesburg. Pa WhatsApp amangofunsa za fetereza ndi fizi ya mlongo wathu. Mwezi watha ndinamva kwa mnzawo kuti anakhala miyezi itatu osagwira ntchito, akugona pansi m'chipinda cha anthu ena. Ndinakwiya, sindibisa. Ife tinkawapemphabe ndalama osadziwa kanthu, ndipo apa mpamene kubisako kunatipweteka tonse.

Komabe ndikawerenganso makalata a agogo, sindikuona munthu wofuna kupusitsa mkazi wake. Mayi amene ali ndi ana ndi khasu, akanachita chiyani ndi nkhani ya matope a ku Burma? Za mbuzi ndi zimene akanatha kuchitapo kanthu. Ndikuganizanso kuti agogowo ankadzilembera okha, kudzikumbutsa kuti kuli munda umene ukuwadikira. Mu Surah Yusuf, Mneneri Yaqub (alayhi salaam) anapita ndi chisoni chake kwa Allah, ndipo palibe amati ananamiza ana ake.

Kusiyana kwake nkwakuti agogo aakazi sakanathandiza kalikonse, pomwe ife tikanatha kusiya kupempha.

Dzulo itatha Isha ndinawafunsa achimwene mosapita m'mbali: "Mwadya chiyani lero?" Anaseka, nkufunsa ngati chimanga chamasula.